Mipando ya chapa ndi makatani a malole zikudyetsa matelala a m'malire

ULONGUÉ — M'misika ya m'maboma a m'malire a chigawo cha Tete, kuyambira ku Ulongué ndi ku Calómuè mpaka ku Zóbuè, muli matelala ena amene pakhonde pawo masiku ano sipapezeka malaya kapena mabuluku ambiri. Chimene munthu amaona ndi mipando ya galimoto yozulidwa, masiponji ong'ambika ndi mipukutu ya nsalu zolimba. Ntchito yawo ndi kusoka makapa ophimbira mipando ya chapa, ndiponso makatani a magalimoto amene anthu amagonamo ali pa ulendo.

Kwa munthu wongodutsa ntchitoyi ndi yaing'ono, koma ikusunga mabanja awiri nthawi imodzi. Loyamba ndi banja la telala, amene zovala za m'belo zidamulanda makasitomala. Lachiwiri ndi banja la mwini galimoto, amene chuma chake chonse chili pa mateyala anayi.

Belo idalanda malaya

Kale telala, amene pa Chipwitikizi amati alfaiate, adali munthu wolemekezeka pamudzi. Yunifomu ya mwana wa sukulu, diresi la ukwati ndi buluku la pa Khirisimasi zonse zinkadutsa pa makina ake. Zinthu zidayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ndi chilala zidabweretsa zovala za chithandizo zochokera kunja. Zovalazo zinkagawidwa kwa anthu ovutika ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, n'chifukwa chake mpaka lero zimatchedwa calamidade. Kutsidya kwa malire ku Malawi amati kaunjika, ku Zambia amati salaula.

Chimene chidayamba ngati mphatso chidasanduka malonda. Mabelo adayamba kulowa pa madoko ndi kugulitsidwa m'misika yonse, ndipo munthu adaona kuti malaya a m'belo ndi otsika mtengo kuposa kugula nsalu ndi kulipira wosoka. Mafakitale a nsalu a m'dziko muno nawo adafooka, ndipo Textáfrica ya ku Chimoio idaleka kuomba nsalu cha m'ma 2000. Matelala ambiri adatsala ndi ntchito ya zigamba, kuchepetsa buluku la m'belo, kusintha zipi ndi kusoka zovala za chitenje za amayi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene belo singabweretse. Malaya akakula munthu amavalabe, koma kapa ya mpando ikakula imakwinyika ndi kung'ambika pa masabata ochepa. Mpando uliwonse umafuna munthu woti abwere ndi tepi, auyeze, adule nsalu yake yake. Apa ndi pamene telala wa pakhonde adapezanso podyera.

Msewu udabweretsa ntchito

Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu opitirira miliyoni imodzi amene adathawira ku Malawi adayamba kubwerera kwawo. Ambiri adali a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize. Ena mwa iwo adabwera atasenza makina osokera amene adagula kapena kuphunzirira kobisala nkhondoko. Msewu wa pakati pa Cuchamano, Tete ndi Zóbuè, umene pa nthawi ya nkhondo magalimoto ankayendamo mondondozana ataperekezedwa ndi asilikali, udatsegukanso kwa aliyense.

Kuyambira pamenepo magalimoto sadachepenso. Malole ochokera ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku doko la Beira amadutsa m'chigawo chino popita ku Malawi ndi ku Zambia. Migodi ya malasha ya ku Moatize itayamba kutumiza malasha ambiri kunja mu 2011, anthu ndi katundu zidachulukanso, ndipo mu 2014 mlatho wa Kassuende udatsegulidwa kuti upeputse mlatho wakale wa Samora Machel. Pakati pa malole onsewa pamayenda chapa, galimoto ya anthu wamba. Dzinali lidachokera ku Maputo, kumene m'zaka za m'ma 1980 wokwera ankalipira mametikali 100 a nthawi imeneyo, anthu n'kumati chapa cem.

Chapa zambiri ndi za mtundu wa Toyota Hiace, zogulidwa zitagwirapo kale ntchito ku Japan. Zina zimafika zili zonyamulira katundu, zopanda mipando kumbuyo, ndipo mipandoyo imapangidwa konkuno ndi owotcherera zitsulo. Aliyense wa iwo ali ndi muyeso wake, kotero kuti chapa ziwiri zofanana kunja zimakhala ndi mipando yosiyana m'kati. Makapa osokeratu a m'sitolo adapangidwira mipando ya galimoto zazing'ono, ndipo pa benchi lowotcherera ku Moatize sakwanirapo.

Mpando wa chapa suona mpumulo. Kuchokera ku Tete kufika ku Zóbuè pali makilomita pafupifupi 120, ndipo kufika ku Ulongué ndi oposa 200. M'njira monsemo anthu amakwera ndi kutsika, ena ndi thumba la mbatatesi, ena ndi dengu la tomato, ena ndi nkhuku kapena chigubu cha mafuta. Nsalu imene mpando udabwera nayo ikabooka, siponji imayamba kunyotsoka, ana amaitosatosa ndi zala, ndipo posakhalitsa wokwera amakhalira chitsulo. Pamalo okwerera galimoto anthu amasuzumira kaye m'kati, ndipo mayi amene wavala chitenje chatsopano salowa m'chapa imene waya wa mpando watulukira kunja ngati pali ina pafupi.

Nsalu ya kuchigwa si ya kumapiri

Ntchito imayamba ndi kusankha nsalu, ndipo apa telala wodziwa amayamba wafunsa kumene galimotoyo imayenda. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ulongué ali pa mtunda, pamwamba mamita oposa 1,000, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Nsalu yokomera kumapiri ikhoza kukhala chilango kuchigwa.

Nsalu imene eni chapa ambiri amaikonda ndi napa, yooneka ngati chikopa koma ili ya pulasitiki pamwamba ndi ulusi kunsi. Ubwino wake ndi wakuti silowa madzi. Mwana akasanza kapena mafuta akatayika, kondakitala amangopukuta ndi kansalu konyowa, ndipo fumbi la malasha la ku Moatize silikanirira. Kuipa kwake ndi kutentha. Galimoto ikaima padzuwa ku Tete, napa wakuda amaotcha ntchafu, ndipo pa ulendo wautali munthu amatsika msana wonse uli thukuta lokhalokha. Napa wotsika mtengo amauma ndi dzuwa n'kuyamba kung'aluka mokhotera mpando.

Nsalu ina ndi lona yopepuka kapena kaki wokhuthala. Izi zimapuma, siziotcha, ndipo zimapirira kukhuzidwa ndi matumba. Koma zimamwa thukuta ndi fumbi, motero zimafuna kuvulidwa ndi kuchapidwa kawirikawiri. Mabuluku a jinzi a m'belo nawo ali ndi ntchito. Matelala ena amagula amene adakanika kugulitsidwa, n'kuwaphwasula ndi kulumikiza zidutswa zake, ndipo kapa yotere imalimba kwambiri. Belo yomwe idalanda malaya ija imapereka nsalu ya mipando.

Chitenje, chimene kuno chimatchedwanso capulana, ndi chokongola ndipo chimapezeka pamsika uliwonse, koma n'chopyapyala. Pa mpando wa chapa chimatha msanga. Malo ake ndi pa makatani, pa zophimba potsamira mutu, kapena pa mpando wa galimoto ya banja imene sikwera anthu ambiri. Amisiri ambiri amaphatikiza: napa m'mbali ndi kumbuyo kwa mpando kumene kumakhudza mawondo ndi katundu, nsalu yopuma pokhalira ndi potsamira msana.

Pali lamulo limodzi limene ophunzira amaliiwala. Nsalu ya thonje imabwerera ikachapidwa koyamba. Ikadulidwa isanalowe m'madzi, kapa imakwana bwino tsiku loyamba, koma ikachapidwa imakana kulowanso pa mpando. Telala wosamala amanyika nsaluyo, kuiyanika ndi kuisita asanagwire lumo. Kunyikako kumaonetsanso ngati utoto ukusuluka, pakuti nsalu yofiira yosuluka ikakumana ndi thukuta imasiya chizindikiro pa malaya oyera a wokwera, ndipo mlandu umagwera kondakitala.

Kuyeza kawiri, kudula kamodzi

Dalaivala akafika pakhonde amangoti, a mesitiri, mpando wakutsogolo wanditherera, ndipo nthawi zambiri amafuna ntchito ithe tsiku lomwelo, chifukwa galimoto yoima sibweretsa ndalama. Mmisiri wodziwa ntchito samvera changucho. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, ndipo napa akadulidwa molakwa sabwereranso.

Ngati n'kotheka mpando umamasulidwa n'kuikidwa pansi. Choyamba ndi kuona zimene zili m'kati. Chitsulo chothyoka chimabwerera kwa wowotcherera, nsonga zakuthwa zimapalidwa, ndipo siponji yobooka imadulidwa bwino n'kumatapo chidutswa china ndi guluu. Kuphimba dzenje ndi nsalu yatsopano n'kutaya ndalama, pakuti nsalu imang'ambikira pomwe pali dzenjepo. Ndi nthawi yomweyi pamene nsikidzi zimaoneka, pakuti zimakonda kubisala m'misoko ya mipando, ndipo mpando wotere uyenera kutsukidwa ndi kuyanikidwa padzuwa usanavekedwe.

Kenako ndi kutenga patani. Ngati kapa yakale ikadalipo, telala amaiphwasula motsata misoko, n'kuyala zidutswazo pa nsalu yatsopano. Ngati palibe, amagwiritsa ntchito pepala la thumba la simenti kapena nyuzipepala yakale. Amayala pepalalo pa mpando, n'kulemba ndi choko motsata m'mphepete, chigawo chilichonse pachokha: pokhalira, potsamira, m'mbali ndi kumbuyo. Chidutswa chilichonse amachilemba dzina ndi kuikapo kamuvi koloza kumwamba. Amaikanso timizere tating'ono pamene zidutswa ziwiri zidzakumanire, kuti posoka asakoke mbali imodzi kuposa inzake.

Pa benchi lowongoka tepi imakwanira. Mwachitsanzo, ngati pokhalira ndi potalika masentimita 120 ndipo m'lifupi ndi 40, telala amaonjezera sentimita imodzi ndi theka mbali iliyonse kuti ikhale ya msoko, motero amadula 123 ndi 43. Lamba wa m'mbali amadulidwa molingana ndi kukhuthala kwa siponji, n'kuonjezerapo wina wolowa kunsi kwa mpando kumene kumadutsa chingwe chomangira. Napa nthawi zambiri amabwera m'mipukutu ya masentimita pafupifupi 140 m'lifupi, ndipo mmisiri amayala mapatani onse pa nsalu asanadule ngakhale chimodzi, kuti zotsala zichepe. Phindu la telala nthawi zambiri limakhala mu zotsalazo, pakuti ndi zimene amasokera zophimba chiwongolero ndi zishalo za njinga zamoto.

Kapa yabwino imagwira mpando ngati khungu. Yokhwepa imatsetsereka munthu akamakhala ndi kudzuka, ndipo kukhuzikako ndi kumene kumadya nsalu. N'chifukwa chake kunsi kumaikidwa chingwe cha nayiloni chokoka ngati cha kabudula, kapena malamba omanga ku zitsulo za mpando. Lasitiki yekha sakhalitsa, chifukwa kutentha kwa m'galimoto kumamupha msanga.

Makina akale akugwirabe

Matelala ambiri a m'midzi ya m'malire amasokera makina akuda opalasa ndi mwendo, a Singer kapena a Butterfly. Makinawa safuna magetsi, ndipo popeza m'kati mwake ndi chitsulo chokhachokha, amatha kuboola napa ndi lona yopepuka ngati akonzedwa bwino. M'matauni mmene muli magetsi ena ali ndi makina akuluakulu a m'fakitale, amene amathamanga ndi kupirira nsalu zosanjikiza.

Kusiyana kwa kusoka malaya ndi kusoka mpando kuli pa zinthu zitatu. Choyamba ndi singano. Ya malaya, ya nambala 80 kapena 90, imapindika ndi kuthyoka pa nsalu yolimba, choncho pamafunika ya nambala 100 kapena 110, imene pa kawerengedwe kena imalembedwa 16 ndi 18. Chachiwiri ndi ulusi. Wa thonje umafumbwa ndi thukuta ndi dzuwa, pamene wa poliyesitala kapena wa nayiloni umakhalitsa. Chachitatu ndi kutalika kwa msoko. Pa napa, bowo lililonse la singano limakhala mpaka kalekale, ndipo mabowo akathithikana nsalu imang'ambika motsata msokowo monga momwe lisiti limang'ambikira m'buku lake. Telala amatalikitsa msoko kufika mamilimita 4 kapena kupitirirapo, ndipo sabwereza kawirikawiri pamalo amodzi.

Pa chifukwa chomwechi napa salasidwa ndi mapini. Zidutswa zimagwirizidwa ndi zopanira zovala. Napa akamamatira kunsi kwa phazi la makina n'kukana kuyenda, mmisiri amayala kapepala kopyapyala pamwamba, n'kusoka pamodzi, kenako n'kukang'amba. M'makona, mmene nsalu zimasanjikizana zinayi kapena zisanu, amasiya kupalasa n'kuzunguza gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono.

Amene akufuna ntchito yooneka bwino amapempha kuti m'mphepete mwa mpando mudutse kachingwe kokutidwa ndi nsalu. Kachingweka sikongokongoletsa. Kamalimbitsa msoko pamalo pamene ntchafu za anthu zimakhuza polowa ndi potuluka, ndipo mpando wa pafupi ndi chitseko, umene umatha msanga kuposa yonse, umapindula nako kwambiri.

Galimoto ikasanduka nyumba

Makatani ali ndi makasitomala awo. Oyamba ndi madalaivala a malole. Munthu wochokera ku Durban kapena ku Beira amatha masiku ambiri pa msewu, ndipo pa Cuchamano, pa Zóbuè, pa Calómuè kapena pa Cassacatiza akhoza kugona usiku umodzi kapena ingapo podikira mapepala a katundu. Kuseri kwa mpando wake kuli kabedi, ndipo kumutu kwa lole ndi kumene amagona, kudyera ndi kusinthira zovala. Achiwiri ndi amalonda a mbatatesi, nyemba ndi kabichi, amene amagona m'galimoto pafupi ndi katundu wawo podikira tsiku la msika.

Achitatu ndi alendo oona malo. Pa msewu womwewu pamadutsa magalimoto ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya opita ku nyanja ya Malawi, amene m'kati mwake muli bedi, kabati ndi kachitofu. Pa Chipwitikizi galimoto yotere amati autocaravana. M'maiko a kumeneko eni ake ambiri amagula galimoto yonyamulira katundu n'kuikonza okha, ndipo makatani ndi makapa amasokera kunyumba pa makina ang'onoang'ono. Luso lake ndi lomweli limene telala wa ku Zóbuè ali nalo, ndipo zipi ikaduka kapena katani ikang'ambika pa ulendo, mlendoyo amafuna khonde lomwelo limene dalaivala wa lole amapitako.

Katani ya galimoto yogonamo ili ndi ntchito zitatu: kutchinga dzuwa masana, kutchinga kuwala usiku, ndi kutchinga maso a anthu. Yachitatuyi si ya ulemu wokha. Wakuba amaba chimene waona, ndipo foni kapena chikwama chimene chili kuseri kwa katani sichimuitana. Chitenje chimodzi chokha sichikwanira, chifukwa nyale ikayaka m'kati munthu wa panja amaona zithunzithunzi zonse. Katani yabwino imakhala ya nsalu ziwiri kapena zitatu: yoyera kapena yotuwa kuyang'ana kugalasi kuti ibweze dzuwa, yakuda pakati kuti itseke kuwala, ndi chitenje choyang'ana m'kati. Chitenje chikayang'ana kugalasi chimasuluka pa chilimwe chimodzi.

Muyeso wake ndi wosavuta. Nsalu imadulidwa motambalala kuposa zenera ndi theka lake, kuti ikatsekedwa ikhale ndi makwinya ndipo isasiye mpata m'mbali. Zenera la masentimita 80 limafuna nsalu ya 120. M'litali amaonjezera masentimita 10 kapena kuposerapo, a mpendero wa pamwamba ndi wa pansi. Katani ya m'nyumba imapachikidwa pamwamba pokha, koma ya m'galimoto imafuna waya awiri, wina pamwamba wina pansi. Makoma a galimoto ndi opendekeka, ndipo katani yolendewera imachoka pagalasi n'kumakupiza nkhope ya munthu galimoto ikamakhota. Waya amakokedwa zolimba pakati pa ngowe ziwiri, ndipo pambali pamasokedwa kalamba komangira katani ikatsegulidwa.

M'galimoto yogonamo mabenchi ndi amene amasanduka bedi usiku, motero makhushoni ake amasokedwa ngati bokosi: chidutswa cha pamwamba, cha pansi, ndi lamba wozungulira. Zipi imaikidwa kumbuyo, ndipo iyenera kukhala yaitali mpaka kukhotera m'makona, apo ayi siponji singalowe. Kapa imasokedwa mothina pang'ono kuti siponji iidzaze bwino. Polowetsa, amisiri amakuta siponjiyo ndi pulasitiki yopyapyala kuti iterereke, kenako n'kusolola pulasitikiyo.

Nyengo ili ndi mbali yakenso pano. Kuchigwa munthu sangagone atatseka magalasi, koma akatsegula udzudzu umalowa, ndipo malungo ndi matenda a m'chigawo chonse chino. Matelala amadula neti n'kuisokerera mpendero wa nsalu, kuti ivekedwe pamwamba pa chitseko ngati chipewa, galasi n'kutsitsidwa. Kumapiri a Angónia vuto ndi lina. Usiku wozizira mpweya wa munthu wogona umasanduka madzi pagalasi, katani imanyowa, ndipo ikapanda kuyanikidwa imachita chuku ndi kununkha. Katani iyenera kusokedwa moti ichoke pa waya mosavuta.

Pamene nsalu siyenera kufika

Pali malo ena amene kukongoletsa kukhoza kupha. Galasi lakutsogolo ndi mazenera a m'mbali mwa dalaivala ayenera kukhala oyera galimoto ikamayenda. Mphonje zolendewera pamwamba pa galasi lakutsogolo, zimene madalaivala ena amazikonda, zikatalika zimabisa mwana kapena wa njinga amene akutulukira m'mbali mwa msewu. Makatani a kumutu kwa lole ndi a pogona pokha, ndipo asananyamuke dalaivala ayenera kuwamanga kumbuyo.

Lamba wa mpando nayenso asakwiriridwe. Telala waulesi amaphimba pomangira lamba chifukwa kusiya bowo ndi kulipenderera n'kotayitsa nthawi, koma mpando wotere umasiya munthu wopanda chomugwira pa ngozi. Magalimoto ena atsopano ali ndi chikwama cha mpweya chobisika m'mbali mwa mpando, chimene chimafufuma galimoto ikagundidwa. Pa mpando wotere pamakhala kachizindikiro kolembedwa kuti airbag, ndipo kapa yolimba ikhoza kuchitsekereza. Mmisiri akaona chizindikirocho ayenera kusiya mbali imeneyo yosaphimba.

Choopsa china ndi moto. Nsalu za nayiloni ndi siponji zikagwira moto zimayaka msanga, kusungunuka ndi kutulutsa utsi woipa. Amene amaphika m'galimoto asapachike katani pamwamba pa chitofu. Mbaula ya makala m'galimoto yotseka ndi imfa, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo, ndipo makatani okhuthala sasintha kanthu pa zimenezi.

Mtengo ndi mawa la ntchitoyi

Kukangana kwa telala ndi mwini galimoto nthawi zambiri kumakhala pa ndalama. Mwini chapa amafuna kulipira madzulo akatolera za tsikulo, kapena kumapeto kwa sabata, pamene telala wagula kale nsalu ndi ndalama za m'thumba mwake. Galimoto ili ndi mateyala, ndipo ikasintha njira ngongole imapita nayo. Pofuna kupewa zimenezi amisiri ambiri amafuna kuti kasitomala agule yekha nsalu, kapena apereke theka ntchito isanayambe. M'misika ya pamalire penipeni, monga pa Lizulu ndi pa Biriwiri pamene msewu ndiwo umalekanitsa maiko awiriwa, mtengo umanenedwa m'mametikali kapena m'makwacha, ndipo amene sadziwa msintho wa tsikulo amaluza asanayambe kusoka.

Vuto lina ndi zipangizo. Napa wabwino, zipi zazitali ndi singano zazikulu sizipezeka pa msika wa kumudzi. Zimafuna ulendo wa ku Tete, kapena kutsidya ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mtengo wa ulendowo umalowa mu mtengo wa kapa. Matelala a msika umodzi akasonkherana n'kutuma munthu mmodzi amapulumutsa ndalama, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mwini galimoto nayenso ali ndi masamu ake. Kuphimba mpando udakali wabwino kumafuna nsalu ndi ntchito ya telala basi. Kudikira mpaka siponji itatha kumafuna siponji yatsopano, wowotcherera, telala, ndiponso masiku a galimoto yoima. Tsiku logulitsa galimoto likafika, wogula amatsegula chitseko asanatsegule injini, ndipo mipando yoonongeka imagwetsa mtengo.

Kwa anyamata ndi atsikana a m'midzi ya m'malire, ntchitoyi ndi khomo lotseguka. Sifuna magetsi kapena sitolo, ndipo makina amene agogo adabwera nawo pobwerera kwawo akhoza kuiyamba. Wophunzira amayamba ndi chishalo cha njinga yamoto, kenako katani yowongoka, kenako benchi, ndipo pomaliza mpando wa dalaivala umene uli ndi makona ambiri. Amayi amene amasoka kale zovala za chitenje ali ndi theka la lusoli m'manja. Chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa ndi kudekha pa tepi ndi pa choko, ndiponso kunena zoona kwa kasitomala za nsalu imene wasankha. Madalaivala amauzana pamalire ndi pamalo okwerera galimoto, ndipo telala amene kapa yake yatha chaka osang'ambika sasowa mpando wina pakhonde pake.